Kabatani ka Pachifuwa pa Apongozi Anga

Ndinakwatiwa ku Madzimoyo ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Sukulu ndinalekezera giredi naini kumudzi kwathu, kumene aphunzitsi ankandikonda chifukwa ndinkalemba zooneka bwino komanso sindinkayankha mwano. Kunena zoona, sindinkayankha n'komwe. Munthu wamkulu akandiuza chinthu ndinkangovomera, zotsalazo ndikaziganizira ndili ndekha.

Amuna anga ankagwira ntchito m'sitolo ya zitsulo ku Chipata, ndipo ankagona m'kachipinda ka lendi ku Nabvutika. Ankabwera Loweruka madzulo, kubwerera Lolemba m'mawa. Ine ndinkakhala kumunda ndi makolo awo. Apongozi aamuna anali mphunzitsi wopuma ntchito, mkulu wa mpingo, munthu wamtali wokonda malaya oyera ngakhale popita kukhola. Apongozi aakazi moyo wawo unali kudimba. Kukacha ankatsikira kudambo kukathirira tomato, kubwerako dzuwa litapendeka.

Ndisanalowe m'banjamo alangizi anandikhazika pansi masiku atatu. Zambiri ndinaiwala, koma za apongozi aamuna zinakhazikika: usalowe kuchipinda kwawo, usawayang'ane kumaso, usadye iwo akuona, usawapatse chinthu m'manja, ndipo thupi lawo usalikhudze ngakhale pang'ono. Tiyi ndinkaika pa kampando, n'kubwerera m'mbuyo, n'kugwada patali. Iwo ankaseka nazo.

"Apongozi, mwagwada kutali chotero, moni wanu afika mawa," ankatero.

Koma nawonso ankasunga mwambo. Tikakumana panjira ya kuchitsime ankapatukira m'udzu ngati akupereka mpata kwa ngolo.

Chaka chomwecho anayamba kugwa. Sikunali kugwa kwa khunyu ayi. Ankangoti ali chiimire nkhope n'kutuwa, manja n'kulefuka, kenako n'kukhala pansi mosafuna. Pakapita kanthawi ankadzuka n'kufunsa kuti tikuwayang'aniranji. Kuchipatala cha m'tauni anawayeza kawiri. Anawamata mawaya pachifuwa, pepala n'kutuluka ndi mizere yake yokwera ndi yotsika, ndipo kawiri konse mtima unapezeka uli bwino.

"Mtima wangawu ndi mwana wasukulu wochenjera," anatero pobwera. "Akaona insipekitala amakhala phee."

Ulendo wachitatu ndinapita nawo ine, wonyamula chikwama. Linali Lachiwiri. Amuna anga anatichingamira pa siteji n'kutiperekeza, koma mzere unatalika ndipo anabwerera kusitolo tisanalowe. Adokotala anali mayi wachitsikana, wolankhula mofulumira Chinyanja cha m'tauni. Anatulutsa kamakina kakang'ono ngati bokosi la machesi, kokhala ndi kabatani kamodzi pakati. Anati popeza vutoli limabwera n'kuthawa, kamakinako kakhala pachifuwa pa apongozi masiku asanu ndi awiri kuti kaligwire likabwera. Timakinato tinali tochepa, odikira anali ambiri, choncho Lachiwiri lotsatira kanayenera kubwezedwa.

Apongozi anapita kuseri kwa nsalu ndi nesi wamwamuna kuti akawamate. Adokotala anatembenukira kwa ine.

"Mvetserani bwino. Mtima umagunda usana ndi usiku osapuma. Kakati kasunge kugunda kulikonse mmene kulili, kangadzaze tsiku lisanathe, batire n'kutheratu. Ndiye kamafinya. Kamangowerenga kuti pa mphindi iyi mtima wagunda kangati, n'kusunga nambalayo, maonekedwe a mzere n'kutaya. Tina tatsopano timadziwa tokha kuti apa pavuta, koma kathuka n'kakale. Mukadina apa m'pamene kamasunga mzere wonse, kuyambira pang'ono m'mbuyo mpaka mphindi ziwiri kutsogolo. Ine ndikufuna mzerewo. Mwamva?"

"Ngati mfutso," ndinatero motsitsa mawu.

"Mwati?"

"Ngati kufutsa ndiwo. Dengu lonse la nkhwani limalowa m'chikwatu chimodzi."

Anaseka n'kumenya tebulo. "Eyaa! Ndiwo zimakhalapo, koma simungadziwenso kuti tsamba ili linali lotani. Ndiziwauza choncho anthu. Mutu wanu ukugwira, amayi. Amakhala nawo ndani masana?"

"Ine."

"Ndinu mwana wawo?"

"Mpongozi wawo."

"Chabwino. Zikawayamba manja awo sagwira, ndiye mudzidina ndinu. Musachedwe, musathamangire kukaitana munthu. Dinani kaye."

Anandipatsa kamakina kena kakufa kuti ndiyesere. Ndinadina, kanati tswi pansi pa chala changa. Nthawi yomweyo ndinadziwa kuti pachifuwa pa apongozi sindingadine. Mawu anafika pakamwa. Koma munthuyo anali atangondiyamikira kumene, panja anthu anali akudandaula za kuchedwa, ndipo ndinaopa kuoneka wakumudzi. Ndinavomera. Anandiuzanso kuti ndizilemba m'kope zonse zimene apongozi akuchita ndi nthawi yake, ndipo zimenezo ndinazilandira ndi manja awiri, chifukwa kulemba ndinkakutha.

Kunyumba ndinauza apongozi aakazi mbali imodzi yokha, kuti amene ali pafupi ndiye azidina.

"Ndidzadina ine," anatero. "Mukaona zayamba mudzandiitane, kudimba si kutali."

Zoti adokotala analetsa kuthamangira munthu sindinazinene. Ndinaganiza kuti ndithamanga kwambiri.

Masiku awiri oyamba kunali zii. Apongozi aamuna anakatcha kamakinako kamlonda, ndipo posamba ankakaphimba ndi pepala la shuga. Ine ndinkalemba. Adzuka 6 koloko. Amwa tiyi. Apita kukhola. Agona pang'ono atadya. Ndikakhala ndekha ndinkafuna njira ina. Ndinadula bango lalitali n'kumayesera kudina chitsekerero cha botolo chimene ndinachiika pa thumba la chimanga. Zinkatheka ndithu. Kenako ndinadziona ndikutosa mkulu wa mpingo ndi bango ngati ndikuona ngati njoka yafa, ndipo bangolo ndinaliponya pamoto.

Lachinayi cha m'ma 10 koloko m'mawa ndinali kutonola chimanga pamphasa. Iwo anali pampando wawo pansi pa mtengo wa mango, akukonza mawu oti akalalikire. Ndinamva buku likugwa. Nditadzutsa mutu ndinaona nkhope yatuwa, mutu wapendekera paphewa.

Ndinathamanga. Nditatsala mapazi atatu kuti ndifike, miyendo inaima yokha, maondo n'kupita pansi monga mwa masiku onse.

"Atate, dinani! Atate!"

Dzanja lawo lamanja linakwera mpaka pamimba n'kugweranso. Kamakina kaja kankaoneka bwinobwino pansi pa malaya oyera, kumanzere, pamwamba pang'ono pa thumba. Panalibe chomasula. Ndikanangoyandikira n'kudina pamwamba pa nsalu pomwepo. Dzanja ndinalitambasula ndithu. Koma ndinaganiza za njira ya kuchigayo imene imadutsa kuseri kwa mpanda, kuti wina angasuzumire. Ndinaganiza kuti angatsegule maso n'kupeza dzanja langa lili pachifuwa pawo. Ndinamva mawu a alangizi ngati ali pambali panga. Ndinadzuka n'kuthamangira kudimba ndikukuwa.

Apongozi aakazi anataya kheni yothirira n'kubwera akuthamanga, matope ali m'manja. Tinapeza eni ake atakhala tsonga, akufufuza tsamba limene analekezera. Amayi anadinabe.

"Aa, mwandidetsera malaya," anatero atate. "Kamlonda mwakadzutsa akuba atapita kale."

Ndinatenga kope n'kulemba zonse monga zinachitikira, nthawi imene buku linagwa ndi nthawi imene amayi anadina. Pansi pake ndinalemba kuti, Ndinagwada pafupi. Sindinadine. Polemba zimenezi sindinaganize zobisa. Kusukulu anatiphunzitsa kuti m'kope sulemba bodza.

Mawa lake, titamwa tiyi, atate anandiitana pakhonde. Amayi anali pomwepo, anachedwa dala kupita kudimba. Ndinagwada pamalo panga.

"Senderani, apongozi."

Ndinasendera pang'ono.

"Dzulo m'maso munali mdima, koma dzanja lanu ndinaliona. Linafika apa n'kubwerera. Sindikukudzudzulani, munaleredwa bwino. Koma ine ndikufuna ndidzaone zidzukulu." Anasolola m'thumba cholembera chofiira chimene ankachongera makope a ana kale. "Landirani. Ayi, pakampando ayi. M'manja."

Ndinayang'ana amayi.

"Landirani," anatero. "Ine ndine mboni. Wolankhula adzalankhule ndi ine."

Ndinalandira. Zala zawo zinali zozizira ndi zouma. Atate anati kuyambira tsiku limenelo ndine mwana wawo, ndikadzaona agwa ndidzadine, ngakhale pakhale pa msonkhano wa mpingo.

Masiku otsalawo sindinawasiye. Chimanga ndinkatonolera pambali pa mpando wawo, mbale ndinkatsukira poti ndiziwaona. Akapita kukhola ndinkatsatira m'mbuyo ndi tsache ngati ndili ndi chosesa.

"Mayi, taonani mwana wanu," ankauza akazi awo. "Akundizungulira ngati kabawi pa anapiye."

Ndinkapemphera pemphero limene mpaka lero limandichititsa manyazi. Ndinkati, Ambuye, agwenso Lachiwiri lisanafike, kamodzi kokha, ine ndili pomwepo. Iwonso anayesetsa. Lolemba anayenda ndawala mpaka kumsewu waukulu n'kubwerera dzuwa likuswa mtengo, ine ndili pambuyo, kuti mwina mtima uputidwe. Anafika thukuta lili kamukamu, akuseka, ali bwinobwino. Izi zisanachitike, amuna anga atabwera Loweruka anangouzidwa kuti atate anagwa Lachinayi ndipo amayi anadina. Anasangalala. Anati ndiye kuti matenda agwidwa.

Lachiwiri tinabwerera kuchipatala awiri. Adokotala analumikiza kamakina ku kompyuta n'kutembenuza galasi kuti tione. Anayamba ndi pamene amayi anadina. Mzere unali wokongola, timapiri tofanana totsatana bwino.

"Uwu ndi mtima wa munthu wabwinobwino," anatero. Anatsegula kope langa n'kuyang'ana nthawi imene ndinalemba, kenako anabwerera m'mbuyo pa kompyuta. Kumeneko kunalibe mzere, kunali manambala okhaokha otsikira pansi. Analoza ndi chala. "Apa. Taonani mmene nambala yagwera. China chake chinachitika apa ndithu. Koma ndili ndi nambala yokha."

Atate anafunsa ngati nambalayo siyokwanira.

"Ayi, bambo. Mwina mtima unaima kaye. Mwina unathamanga kwambiri mopanda mphamvu mpaka kamakina kanalephera kuwerenga. Mwinanso kanangomatuka pang'ono mukupendekeka. Mankhwala a mtima wothamanga ndikawapereka kwa mtima umene umaima, ndakuphani ndine. Ndikanaona mzere ndikanadziwa." Anapumira m'mwamba. "Panalibe munthu pafupi?"

Ndinatsegula pakamwa, koma atate anayamba ndiwo.

"Ndinali ndekha, adokotala. Mwanayu ndinali nditamutuma kuchitsime."

Kope linali chitsegukire patebulo. Ndinaona maso a adokotala akutsika mpaka pamzere womaliza wa Lachinayi. Anawerenga, anandiyang'ana, ndipo ine ndinayang'ana pansi. Anatseka kopelo n'kundibwezera.

"Mumalemba bwino," anatero.

Anati alembera kalata madokotala a mtima ku Lusaka, koma nawonso adzafuna mzere womwewo. Anatilemba pa mndandanda kuti tidzabwerekenso kamakina pakapita masabata asanu. Njinga anawaletsa, kuyenda okha anawaletsa. Tikutuluka, nesi anali akupukuta kamakina kaja ndi thonje kuti akamate munthu wina.

Pa siteji atate anagula zitumbuwa ziwiri n'kundipatsa chimodzi.

"Lero mkulu wa mpingo wanama," anatero. "Tikapepesa Lamulungu. Idyani."

Ndinadya nditatembenukira kumbali, misozi ikugwera pa chitumbuwa. Iwo anachita ngati akuwerenga zolembedwa pa minibasi.

Atate anamwalira sabata yachinayi ya kudikirako, m'mawa, akutsegulira ng'ombe. Ndinali pambuyo pawo monga mwa masiku onse. Anagwira mtengo wa pakhomo la khola n'kutsetsereka nawo mpaka pansi. Ulendo uno miyendo sinaime. Ndinawagwira mutu n'kuuika pamwendo panga, dzanja langa n'kupita lokha pachifuwa, pamalo pamene pankakhala kamakina. Pansi pa dzanjalo ndinamva kanthu kakuphiriphitha mofulumira kwambiri, mopepuka, ngati kambalame kogwidwa m'manja. Ndinadikira kuti adzuke afunse chimene ndikuwayang'anira. Kenako kuphiriphithako kunaleka. Aneba anabwera ndi galimoto yawo ya tomato, koma pofika kumsewu waukulu amayi anali atawatseka kale maso.

Pamaliro amuna anga ankauza aliyense wobwera kudzapepesa kuti kamakina kanali kachabechabe. Ankati amayi anadina monga anauzidwira, koma kanthuko sikanagwire kalikonse, anangotitayitsa nthawi. Ananena kuti maliro akatha apita kuchipatala akawauze mawu adokotala aja pamaso pa anthu. Amayi anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Zisiyeni," anatero. "Eni ake anazikwirira okha. Ine apongozi anga ndinawaphikira zaka makumi awiri osawaona mano. Ndikanakhala inu, nanenso sindikanadina."

Ndinasunga pakamwa mpaka anthu atabalalika. Koma Lamulungu masana ndinaona amuna anga akusita malaya oti avale popita kuchipatala, ndipo ndinakatenga kope. Ndinawatsegulira tsamba la Lachinayi n'kugwada. Anawerenga ali chiimire. Anabwerezanso.

"Unagwada pati?"

Tinatuluka. Mpando unali utalowetsedwa m'nyumba, koma miyendo yake inasiya timaenje pansi pa mango. Ndinawaonetsa pamene ndinagwada. Anaima pa timaenjepo, n'kuyang'ana pamene ndinali, n'kutambasula mkono. Unatsala pang'ono kundikhudza pamphumi.

"Adokotala anakuuza kuti udine iweyo?"

"Anandiuza."

"Tsiku lomwe lija?"

"Lomwe lija."

"Ukanandiuza. Ndikanapempha tchuthi sabata imodzi, ndikanakhala nawo ine."

Sanandikalipire, sanandiuzenso kuti palibe mlandu. Anakazimitsa makala a m'simbi, ndipo Lolemba anapita kusitolo.

Tsiku lathu lobwereka kamakina litakwana ndinapita ndekha kukanena kuti apatse ena. Ndinakhala pamzere ngati wodwala mpaka nthawi yanga. Adokotala anandizindikira, ndipo ataona mpango wakuda anaika cholembera pansi. Ndinawauza mmene zinachitikira. Ndinawauzanso chifukwa chimene sindinadinire tsiku lija, chimene ndinayenera kunena poyamba pomwe. Anati iwo anakulira m'nyumba ya m'tauni, agogo awo obala bambo awo ankametedwa ndevu ndi amayi awo, ndipo zoti mpongozi sangakhudze apongozi ake sizinawabwere m'mutu.

Ndinawauza za kuphiriphitha kumene ndinamva pansi pa dzanja. Anasendeza mpando.

"Mungandionetse? Gogodani patebulopa mmene munamvera."

Ndinagogoda ndi chala chimodzi, mofulumira, mopepuka. Anatseka maso n'kumvetsera. Anati ndibwereze, ndipo ndinabwereza.

"Akanachira?" ndinafunsa.

"Sindingalumbire, amayi. Chala si makina, ndipo pa nthawi yoteroyo munthu umatha kumva mtima wako womwe. Koma ngati zinalidi choncho, tikanakhala ndi poyambira. Mankhwala oyesera alipo."

Anatsegula mndandanda n'kudula dzina la atate ndi mzere umodzi. Ndinathokoza n'kutuluka.

Sindinakwere basi nthawi yomweyo. Ndinayenda wapansi mpaka kusitolo ya zitsulo, ndipo ndinapeza amuna anga akuyezera munthu misomali pasikelo. Ndinadikira pakhomo mpaka wogulayo atapita, kenako ndinawafotokozera zonse zimene adokotala ananena, osachotsapo mawu amodzi. Anamvetsera akutolera misomali imene inagwera patebulo, umodziumodzi, n'kumaibwezera m'bokosi. Atamaliza anapita kukalankhula ndi abwana awo, anatenga jekete, ndipo anandiperekeza mpaka ku Madzimoyo pakati pa sabata.